Mbale ya malemu si yoyesera makina

M'nyumba zambiri za ku Kabwata, Chelstone, Libala ndi Woodlands muli katoni kapena sutikesi yomwe yakhala pamwamba pa wadiropu kuyambira nthawi ya UNIP, ndipo m'kati mwake muli mbale za galamafoni. Eni ake ambiri anatisiya. Zina mwa mbalezo ndi za Jim Reeves ndi Franco, zomwe zinapangidwa zochuluka moti imodzi itasweka dziko silitaya kanthu. Koma zina ndi zathu: WITCH ya Jagari Chanda, Ngozi Family, Amanaz, Keith Mlevhu, ndi timbale ting'onoting'ono ta kalindula. Zambiri mwa izi zinkapangidwa ku Ndola, ku fakitale ya Teal Record Company, ndipo zinatchuka m'zaka za m'ma 1970 pamene boma la Kenneth Kaunda linalamula kuti nyimbo 95 mwa 100 zilizonse za pa wailesi zikhale za m'dziko muno. Mtengo wa kopa utagwa, makaseti okopera mwakuba atadzaza misika, Edzi itatenga oimba ambiri, mbale zinaleka kupangidwa, ndipo matepi oyambirira a nyimbo zambiri anasowa. Kwa nyimbo zina, mbale yomwe ili pamwamba pa wadiropu yanu ndi imodzi mwa zochepa zotsala.

Mnyamata wina wa ku Chelstone, chakufupi ndi thanki yamadzi ya pa Great East Road, anatsitsa katoni yotere mu Novembala 2024. Chinamukumbutsa ndi nyimbo ya Noid ya Tyler, the Creator, yomwe inatuluka mu Okutobala chaka chomwecho itabwereka chidutswa cha nyimbo ya Paul Ngozi. Ngozi anamwalira mu 1989, mnyamatayu asanabadwe, koma dzinalo ankalimva pakamwa pa malemu bambo ake. Mu katonimo anapezamo mbale za Ngozi Family, Lazy Bones!! ya WITCH, ndi Africa ya Amanaz ya 1975, yomwe bambowo ankaikonda kuposa zonse. Galamafoni nayo inalipo, yozungulira bwinobwino. Ampulifaya yakale ndiyo inagulitsidwa kalekale. M'malo mwake panali ampulifaya yachitsulo ya msuweni wake, yoimbira pa maukwati ndi pa kitchen party.

Atalumikiza galamafoni pa khomo la AUX, nyimbo inamveka, koma chapansipansi, yopyapyala, yopanda besi. Apa palibe chomwe chinawonongeka. Cartridge, kachipangizo kogwira singano kumapeto kwa mkono wa galamafoni, kamatulutsa magetsi ochepa zedi, ma millivolt ngati 5, pomwe khomo la AUX limayembekezera ochuluka ka 100 kuposa pamenepo. Komanso mawu a pa mbale anawapotoza dala. Besi ikanalembedwa mmene ilili, timizere tikanatambasuka kwambiri ndipo mbali imodzi ikanatha mu mphindi zochepa. Choncho odula mbale amachepetsa besi n'kukweza mawu akuthwa, kuti makina omvetsera adzabweze zonse m'malo mwake. Muyezo wa kupotozaku ndi wa bungwe la ku America la RIAA, wa 1954, ndipo umakhota pa 50 Hz, pa 500 Hz ndi pa 2,122 Hz. Maampulifaya akale anali ndi khomo lolembedwa PHONO logwira ntchito ziwirizi. Ambiri a lero alibe, motero pamafunika kabokosi kapadera, preamp.

Pa manambala atatuwo, yang'anitsitsani yoyambayo. Magetsi a m'nyumba zathu ndi a 230 V ndipo amasinthasintha ka 50 pa sekondi. Preamp ikamakweza mawu apakati ka 100, mawu a pa 50 Hz imawakweza pafupifupi ka 700. Ndiye kuti chipangizochi, mwa chipangidwe chake chenicheni, chimatchera khutu ndendende pomwe magetsi a m'khoma amalirira. Waya aliyense wosatchingidwa, thiransifoma iliyonse yoyandikira, zimalowa mu masipika ndi phokoso lija loti mmmm.

Mnyamata uja anaphunzirako zamagetsi ku koleji, ndipo anaganiza zomanga yekha preamp. Ine sindiona cholakwa pamenepo. Yopangapanga imadula ndipo siipezeka paliponse, pomwe zipangizo zomangira n'zotsika mtengo. Anazungulira timasitolo ta mkati mwa tauni, pakati pa Cairo Road, Cha Cha Cha Road ndi Freedom Way, n'kupeza IC ya NE5532, ma resistor, ma capacitor, bolodi la timabowo, ndi ma regulator awiri, 7815 ndi 7915. Thiransifoma anaichotsa mu ampulifaya yakufa. Anawotcherera zonse ndi mtovu, n'kuziika m'kontena ya pulasitiki yosungira chakudya.

Mawu anabwera amphamvu, koma anabwera ndi mavuto awiri: kung'ung'uza kosalekeza, ndiponso kusasa, makamaka ng'oma ndi gitala zikamakwera. Kuti ayese, anatenga mbale yomwe inali pamwamba, Africa ija, n'kuika singano pa nyimbo yoyamba. Kuyambira tsiku limenelo, akasintha kanthu kalikonse ankabweza singano pa nyimbo yomweyo.

Nthawi imeneyo madzi a ku Kariba anali atatsika kwambiri chifukwa cha chilala, ndipo m'madera ambiri a Lusaka magetsi ankazima maola 17 kapena kuposa pa tsiku. Nyumba yawo inkadalira inverter yotsika mtengo, ya mtundu womwe magetsi ake sayenda mosalala koma modumphadumpha. Mababu ndi TV sizidandaula nazo, koma preamp imamva kudumphako n'kukusandutsa phokoso loti zzzz. Mnyamatayu sanalumikize ziwirizi. Akasintha resistor masana nyumba ili pa inverter, n'kudzamvetsera usiku magetsi atabwera, phokoso linkachepa ndipo ankati wakonza. M'mawa likabwerera, ankati mtovu sunagwire, n'kuwotchereranso malo omwe analibe vuto. Ankasintha zinthu zitatu nthawi imodzi, ndipo sankalemba chilichonse. Posakhalitsa iye mwini sanathenso kunena kuti bolodi linali bwanji pachiyambi.

Za kusasa kwa mawu, anakumbukira zomwe ankaona ali mwana, akuluakulu akuika khobidi pamutu pa mkono wa galamafoni kuti singano isadumphe. Anamata khobidi la K1 ndi selotepi. Mawu sanasinthe kwenikweni, koma analisiya pomwepo poganiza kuti silipweteka kanthu. Cartridge ya mtundu wakewo inapangidwa kuti itsamire pa mbale ndi magalamu ngati 2, ndipo khobidilo palokha limalemera kuposa pamenepo. Magalamu ochepa amaoneka ngati si kanthu, koma onse amathera pa kansonga kakang'ono koti maso sangakaone, kakukhuza pulasitiki yofewa. Singano nayo inali yomwe bambo ake anaisiya. Opanga amati isinthidwe ikaimba maola pakati pa 500 ndi 1,000, ndipo kamphira koigwirizira kamauma ndi zaka ngakhale isakugwira ntchito.

Za kung'ung'uza, anawerenga kuti bokosi lachitsulo limatchinga phokoso, ndipo n'zoona. Anasamutsira zonse m'chitini cha mabisiketi, thiransifoma ndi bolodi pamodzi. Anaboola chitinicho ndi msomali, n'kulowetsa waya wa magetsi pabowo lakuthwa m'mphepete, popanda mphira wotetezera. Waya wachitatu, wobiriwira ndi wachikasu, wa earth, anaumangirira ku chitini ndi bauti monga mmene chojambula chinanenera. Phokoso linakula. Anaimbira mnzake wa ku Woodlands yemwe amaimba nyimbo m'mapate.

"Boyi, imeneyo ndi earth," anatero mnzakeyo. "Tsegula pulagi uchotse waya wobiriwirayo. Ine yanga ndinachotsa kale, ili zii."

Anachotsa pa pulagi ya preamp. Phokoso linachepako. Anachotsanso pa pulagi ya ampulifaya.

Malangizo amenewa ndi ofala pakati pa oimba ndi okonza zoimbira, ndipo ndimadana nawo chifukwa amagwiradi ntchito pa phokoso. Zipangizo ziwiri zikakhala ndi earth iliyonse payokha, kenako n'kulumikizidwanso ndi waya wa mawu, pamapangika njira yozungulira, ndipo timagetsi toyenda m'njirayo timamveka. Mukadula waya mmodzi, njira yaduka, phokoso latha. Koma waya wobiriwirayo sanamuikire mawu. Ntchito yake ndi yoti waya wamoto akakhudza chitsulo cha bokosi, magetsi athamangire pansi mwamphamvu, fyuzi ipse nthawi yomweyo. Akachotsedwa, bokosi limakhala ndi 230 V mwakachetechete, nyimbo n'kumaimba ngati palibe chachitika, kufikira munthu atalikhudza. Magetsi okwana ma milliamp 30 okha akadutsa pachifuwa angathe kusokoneza kugunda kwa mtima, n'chifukwa chake maswichi oteteza anthu, a earth leakage, amaikidwa pa muyezo umenewo. Nyumba zambiri zakale zilibe swichi yotere.

Usiku wina mu Disembala, batire la inverter linatha iye ali pakati poyesa. Galamafoni inaima singano ili pa mbale. Anangozisiya choncho n'kukagona. Magetsi anabwera mbandakucha, mbale inayamba kuzungulira, masipika n'kuyamba kulira. Mlongo wake wamng'ono, yemwe anali kukolopa pabalaza wopanda nsapato, anafuna kuzimitsa kuti amayi asadzuke. Anagwira chitini ndi dzanja lonyowa. Waya uja anali atachekeka pang'onopang'ono pabowo la msomali chifukwa cha kukokedwakokedwa masiku onse oyesa.

Mtsikanayo anakuwa n'kugwera chagada, ndipo kugwako n'komwe kunamulekanitsa ndi chitini. Anagunda tebulo, mkono wa galamafoni ndi khobidi lake n'kudutsa mopingasa pa mbale yonse. Amayi ake anathamangira kuzimitsa swichi yaikulu asanakhudze chilichonse, ndipo anachita bwino, pakuti wokhudza munthu yemwe wagwidwa ndi magetsi amagwidwa naye. Anapita naye ku kiliniki ngakhale iye ankati ali bwino. Anapsa zala ziwiri. Anamuyeza mtima n'kumulola kubwerera tsiku lomwelo.

Amayi analamula kuti zonse zituluke m'nyumba. Amalume a mnyamatayo ndi amene anamutengera kwa mkulu wina wa ku Kabwata, dera lomwe kuli msewu wotchedwa dzina la Paul Ngozi, yemwe wakhala akukonza mawailesi kuyambira nthawi yomwe mbalezi zinali m'masitolo. Mkuluyo anamvetsera nkhani yonse osadula mawu. Anatsegula mapulagi awiri aja, n'kuyang'ana mnyamatayo nthawi yaitali.

"Mwana wanga, vuto unalipeza ndi liti?"

"Madala, ndinasintha pafupifupi zonse."

"Sindinafunse zomwe unasintha. Chuluke chuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma."

Mmene anagwirira ntchito mkuluyu ndi zomwe ndikufuna owerenga atenge, chifukwa sanagwiritse chipangizo chodula chilichonse, mita wamba yoyezera magetsi basi. Choyamba anadula thiransifoma n'kuiika pambali, n'kupatsa bolodi mphamvu ndi mabatire awiri a 9 V, limodzi mbali ya plus, lina ya minus. NE5532 imagwira bwino pa mphamvu imeneyo, ndipo batire siling'ung'uza. Mbale sanaikepo. Anatseka makomo olowera mawu ndi kawaya kafupi, kuti chilichonse chomveka chikhale chochokera pa bolodi lenilenilo. Panamveka kufwafwaza kwapansi basi. Bolodi linalibe mlandu wa phokoso.

Kenako analumikiza galamafoni, ndipo kung'ung'uza kunabwera. Anagwira mkono wa galamafoni ndi chala, phokoso n'kusintha. Anasuzumira kumbuyo n'kutulutsa kawaya kowonda, kokhala ndi kachitsulo ka mphanda kumapeto, kali lendelende.

"Aka n'kachiyani?"

"Ndimaganiza kuti ndi eriyo, madala."

Kawayako n'kolumikiza chitsulo cha mkono wa galamafoni ku ground ya preamp, kuti mkonowo ukhale chotchinga cha timawaya tinayi todutsa m'kati mwake: toyera ndi tabuluu ta kumanzere, tofiira ndi tobiriwira ta kumanja. Atakamangirira, phokoso linatha pomwepo. Linali vuto la mphindi imodzi, ndipo linalipo kuyambira tsiku loyamba. Phokoso lina linkachokera ku thiransifoma yomwe inaikidwa m'chitini chimodzi ndi bolodi, pafupi ndi makomo olowera mawu. Chitini chimatchinga zochokera kunja, koma sichingathandize pa chinthu chomwe mwatsekera nacho m'kati.

Tsopano anafuna mbale. Mnyamatayo anatambasula dzanja kuti atenge Lazy Bones!!, koma mkuluyo anamuletsa n'kutulutsa pansi pa tebulo mbale yake yoyesera, ya Jim Reeves, yokalikakalika. Anachotsa khobidi, anaika singano ina yomwe amaidziwa, n'kuyeza kutsamira kwa mkono pa kasikelo. Mawu anatuluka osasasa konse. Popeza bolodi linali pa mabatire, mlandu wa kusasa unagwera pa gawo lopereka mphamvu. Anabwezera thiransifoma, waya wobiriwira atamangidwa kaye, n'kuyeza. Mbali ya plus inali ndi 15 V. Mbali ya minus inali pafupi ndi ziro.

Ma regulator awiriwa amafanana maonekedwe ngati mapasa, ndipo ambiri omanga koyamba amagwera pamenepa. Pa 7815 miyendo ndi yolowera, ya ground, yotulukira. Pa 7915 ndi ya ground, yolowera, yotulukira. Mnyamatayo anawalumikiza mofanana. IC inkagwira ntchito ndi mbali imodzi yokha, ndipo theka la funde lililonse la mawu linkadulidwa. Singano inalibe chochita ndi kusasako. Kuyeza kumeneku, komwe kukanamuuza zoona usiku woyamba, kumatenga nthawi yochepa kuposa kumata khobidi ndi selotepi, ndipo mita anali nayo m'dirowa.

Panatsala kanthu kamodzi. Mbali ya kumanja inkamveka yofunditsidwa, yopanda kuthwa kwa zitsulo za ng'oma. Mkuluyo anatenga galasi lokuzira zinthu n'kuwerenga timanambala ta pa ma capacitor. Pomwe chojambula chinafuna 332 panali 333. Nambala yomaliza imanena kuchuluka kwa maziro, choncho kapasita imeneyo inali yaikulu ka 10 kuposa yofunika, ndipo inkayamba kudula mawu akuthwa kutali kwambiri ndi 2,122 Hz. Wogulitsa anatenga m'kabokosi koyandikana, wogula sanawerenge.

Za njira yozungulira ija, mkuluyo anasonyeza makonzedwe osapha munthu. Zipangizo zonse zidye pa ekisitenshoni imodzi ya mawaya atatu. Earth ikhale yomangidwa ndi bauti ku bokosi nthawi zonse, ndipo ngati phokoso lilipobe, ground ya mawu ndiyo ilekanitsidwe ndi bokosi kudzera pa resistor ya ma ohm 10, waya wobiriwira osakhudzidwa. Koma kwa mnyamatayu ananena zina: "Iwe 230 V usailowetsenso m'bokosi la manja ako kufikira utaphunzira kuilemekeza. Khala pa mabatire." Ku Lusaka ya inverter ndi majenereta, amenewa ndi malangizo abwino kwa aliyense. Preamp imadya pang'ono, ndipo mabatire otchajanso alipo m'masitolo.

Pomaliza anatenga Africa n'kupita nayo pakhomo pomwe pali dzuwa. Kukalika kwa tsiku la ngozi kunkaoneka, mzere woyera wopingasa mbali yoyamba, womwe udzalira thi pa kuzungulira kulikonse. Koma mkuluyo analoza nyimbo yoyamba. Timizere take tinali totuwa, pomwe tina tonse tinali takuda tonyezimira. Kutuwako ndi makoma a timizere omwe anapalidwa ndi singano yotha, yolemedwa ndi khobidi, ikudutsa malo omwewo mobwerezabwereza. Fumbi limachapika ndi madzi oyera ndi kansalu kofewa. Chopalidwa sichibwerera. Ataiimba pa preamp yokonzedwa ndi singano yabwino, nyimboyo inasasa chimodzimodzi ngati mmene inkasasira 7915 ili yopotoka, koma tsopano kusasako kunali m'mbale.

Munthu wina wa ku Kabulonga wosonkhanitsa mbale zakale, yemwe anali atafunsapo za katoniyo, anaona Africa ija n'kuibweza. Mbale zoyambirira za Zamrock (nyimbo za magulu ngati WITCH ndi Amanaz) zosungidwa bwino zimagulidwa madola mazanamazana kunja, makamaka kuyambira pomwe kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inayamba kutulutsanso nyimbozi, kenako n'kufalitsa Welcome to Zamrock! mu 2017. Africa ili m'gulu la zomwe zinatulutsidwanso, choncho nyimboyo siinatayike. Singano ikanakhala pa kambale ka kalindula ka gulu lomwe linajambula kamodzi kokha, nkhani ikanakhala ina. Banjalo silinkafuna kugulitsa. Amayi anangoti mbale zotsalazo zisatulukenso mu katoni kufikira singano yatsopano itafika, ndipo inachita kuitanitsidwa ku Johannesburg.

Mnyamatayo anapita ku Woodlands ndi sikuludiraiva kuti akabwezeretse waya wobiriwira pa pulagi ya mnzake uja, koma mnzakeyo anakana. Anati ampulifaya yake yagwira zaka zambiri yopanda earth ndipo palibe anafa. Ampulifaya imeneyo imapita m'mapate, imakhala pa udzu wonyowa, ndipo maikolofoni yachitsulo yolumikizidwa nayo imaperekedwa m'manja mwa aliyense wofuna kuyankhula. Ngati muli ndi choimbira cha bokosi lachitsulo chomwe chinadutsa m'manja mwa wokonza kapena mnzanu wodziwa, chizuleni ku khoma, mumasule bauti ya pulagi, muone. Waya wabulauni akhale ku fyuzi, wabuluu mbali inayo, wobiriwira ndi wachikasu pa mwendo wautali wapamwamba, womangidwa zolimba. Pa galamafoni ndi preamp, fyuzi ikhale ya 3 A, osati kachidutswa ka waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya.